Zilembo Zitawathawa Atate

Lachiwiri, 24 Seputembala

Atate atuluka m'chipatala lero. Akuyenda okha, pakamwa sipanapindike, dzanja silikunjenjemera. Anthu a m'mafulati athu muno m'Kabwata anadzaza pabalaza. "Ah, ba Njobvu, ni sitiroko ya bwanji iyi? Muoneka che monga mwachoka ku holide!" Amama akuseka, akulira, akugawa zakumwa, zonse nthawi imodzi.

Alendo atapita, atate anakhala pampando wawo wa pazenera n'kutola nyuzipepala. Anaiyandikitsa kumaso. Anaitalikitsa. Anavula magalasi, kupukuta ndi nsonga ya malaya, kuvalanso.

"Debora, nyuzi imeneyi ailemba m'chilankhulo chanji?"

Ndinaseka, kuyesa nthabwala. Iwo sanaseke.

Lachitatu, 25 Seputembala

Tabwereranso kuchipatala, ine ndi atate. Dokotala, mtsikana wa msinkhu wanga, anawapatsa pepala ndi cholembera: lembani chilichonse. Analemba osachita kuganiza, ndi dzanja lawo lija lopendekera ngati udzu pamphepo: "Dzina langa ndine Wilbroad Njobvu, kwathu ndi ku Katete, ndipo sindikudwala." Dokotala anatenga pepalalo, kuwafunsa za chakudya, za tulo, kenako n'kuwabwezera. Tawerengani.

Anayang'ana nthawi yaitali.

"Dzanjali ndikulidziwa, ndi langa. Koma chimene likunena sindikuchimva."

Akuti zimachitika, ngakhale si kawirikawiri. Maso akuona, kupatula pang'ono mbali ya kumanja. Kumene kumakhala mawu m'mutumo kulinso bwino. Chaduka ndi cha pakati, ngati mlatho umene madzi akokolola: midzi yonse iwiri ilipo, utsi ukufuka tsidya lino ndi tsidya ilo, koma wowoloka palibe. Ndinafunsa ngati zidzabwerera. "Mwina pang'ono. Mwina ayi."

M'basi pobwerera anangoyang'ana pazenera. Atate amenewa! Munthu amene anagwira ntchito ku positi moyo wake wonse, kusankha makalata, amene ankadzitama kuti amadziwa dzanja la Zambia yense, la ku Mongu ndi la ku Mbala lomwe. Kuyambira ndili mwana ankawerenga mokweza chikwangwani chilichonse chodutsa pazenera la basi, mpaka ine kubisa nkhope ndi manyazi. Lero mzinda wonse unadutsa pazenera wopanda mawu. Maluwa a mitengo ya jakaranda okha, kuthothoka mwakachetechete pamadenga a magalimoto.

Ndipo mwa anthu onse a mu Lusaka muno, ndine amene ndikulemba kafukufuku wa digiri yachiwiri, wofunsa anthu a m'makomboni, pa funso loti: kodi kudziwa kuwerenga ndi kulemba n'chiyani? Pa 8 Okutobala ndikaima pamaso pa aphunzitsi kukateteza mutuwo. Chizungu chili ndi liwu limodzi la chinthu chimenechi. Ife tilibe, timachita kumangirira mawu awiri ndi kachingwe: kuwerenga NDI kulemba. Chaka chonse ndakhala ndikulemba mawu amenewa osakaona kachingweko. Mwa atate kaduka.

Lachinayi, 26 Seputembala

Kwa ba Dokota Kangwa, mmodzi mwa aphunzitsi awiri ondiyang'anira. Ofesi yawo: fani yoima (malaiti kulibe), makatoni a mayeso a ana a Giredi 2 kufika kudenga, fungo la mapepala otentha ndi dzuwa.

Kwa iwo nkhaniyi ndi yoongoka. Kuwerenga ndi luso, ndipo limakhala m'mutu mwa munthu mmodzi. Diso liona chilembo, chilembo chisanduka kamvekedwe, timamvekedwe tilumikizana, tanthauzo litulukira. Ukhoza kuliyeza ndi wotchi: mwanayu wawerenga mawu angati pamphindi? Ali nalo kapena alibe. Amakhulupiriranso kuti munthu akalipeza lusoli kaganizidwe kake kamasintha, amatha kuika ganizo lake patsogolo pake n'kulizungulira, monga wogula mbuzi pamsika.

"Vinangu vonse ivo ni ndakatulo, Deborah. Mwana wa ku Chunga safuna ndakatulo. Afuna kubelenga botolo ya mankhwala."

Sindinakonze zonena za atate. Zinangotuluka. Anandimvetsera mutu uli pambali, cholembera chili m'kamwa. Pomaliza ndinafunsa: ndiye pa mayeso anuwo, atate ali pati?

Anachotsa cholembera m'kamwa. "Pa mayeso yanga sangapase."

Sananene mwankhanza ayi. Koma liwu limene sanalitchule ndinalimva ndithu. Mbuli. Linanditsata masitepe onse mpaka pansi.

Lachisanu, 27 Seputembala

Atate apempha kuti tichotse kalendala pakhoma. Akuti ikuwayang'ana.

Loweruka, 28 Seputembala

Ba Dokota Chibesa, mphunzitsi wanga wachiwiri, anandiitanira kunyumba kwawo ku Woodlands. Mpanda wautali, galu waulesi, khonde lozizira pansi pa mtengo wa mapeyala. Iwo ndi ba Kangwa amapatsana moni wokoma akakumana kuyunivesite, koma m'mapepala awo amalumana.

"Kulibe kubelenga kumozi," anatero akuthira tiyi. "Kuli kwa mu chalichi, kwa pa maliketi, kwa pa foni, kwa ku khoti. Vosiyana-siyana."

Kwa iwo kuwerenga si katundu wa m'mutu. Ndi zimene anthu amachitira limodzi mozungulira cholembedwa. Mayi amene sanapite kusukulu, mnansi akumuwerengera uthenga wa pafoni, iye n'kumva chimene mwana wake wa ku Kitwe sanachinene, n'kulamula choyankha: wawerenga ndani pamenepo? Onse awiri. Nanga wotchi ya ba Kangwa? Akuti funsa kaye amene waigwira, ikuyeza m'chilankhulo cha yani, ndipo analamula ndani kuti wochedwa si munthu.

Mawu awo ankalowa ngati madzi a mumtsuko. Ndinawauza za atate, ndikuyembekeza kumva kuti atate akadali m'gulu la owerenga. Anaterodi. Koma maso awo anawala mwa mtundu wina. Anaika kapu pansi.

"Deborah! Ndiye kafukufuku wako uyo! Ali pa nyumba, ankhala pa mupando. Uzafunanso chani ku makomboni?"

Ndinaseka nawo.

M'basi ndinasinza ndi kutentha. Ndinalota zilembo zikusiya zikwangwani za m'tauni, zikuuluka ngati inswa mvula yoyamba itagwa. Cairo Road yonse mbuu. Zina zinkagwa pamodzi ndi maluwa a jakaranda, amayi osesa mumsewu n'kumaziunjika milumilu, a A paokha, a K paokha. Atate anali pakati pa msewu atavala yunifomu ya ku positi, atatambasula manja, ndipo palibe chilembo chinatera pa iwo.

Anandidzutsa kondakitala. "Sisi, Kabwata yapita kudala!" Ndinabwerera wapansi, dzuwa likuswa mtengo.

Lamulungu, 29 Seputembala

Atate sanapite ku Misa. Akuti mutu.

Masana ndinawawerengera nyuzipepala. Nkhani ya madzi ochepa ku Kariba, ya mpira, ya maliro a munthu amene ankamudziwa. Ankandiimitsa, kutsutsa, kundiuza chimene mtolankhani wabisa. Zinali bwino mpaka ndinaiwala. Ndiye ndinayesa kuwapatsa mphatso ya ba Chibesa.

"Mukuona, atate? Apa tikuwerenga tonse. Ine ndikutchula, inu mukumva za kuseri. Aphunzitsi ena amati kumenekonso n'kuwerenga."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana wanga, ukanditafunira nyama n'kundiika m'kamwa, ndikhuta, ndipo ndikuthokoza. Koma usandiuze kuti ndili ndi mano."

Kenako anaonjeza, mawu atatsika, akuyang'ana tsamba limene linali pamiyendo panga:

"Zili ngati anthu a pamaliro a kutali. Nkhope zonse ndikuona kuti ndinazionapo. Maina ndiye ayi."

Lolemba, 30 Seputembala

Kwabwera ba Sampa, amene amakonza za owerenga kutchalitchi kwathu. Sakudziwa kanthu, akungoona munthu wochira. "Ba Njobvu, pa Sondo ni imwe kubelenga koyamba, Misa ya Chinyanja. Bantu bayewa mau yanu." Atate akhala akuwerenga paguwa paja ine ndisanabadwe. Chichewa chawo cha ku Katete, chosasakaniza, chimene anatikakamiza m'nyumba muno ngakhale amama ndi a ku Mansa, olankhula Chibemba. Akamawerenga, ngakhale ana amaleka kukwawa pansi pa mabenchi.

Atate anangoti, "Ndamva." Ba Sampa n'kumapita.

Amama anatseka chitseko n'kutembenukira kwa atate. "Bashi Debo, ni pang'ono che. Debo azakubelengelani, imwe musunge mu mutu. Pa Sondo muyangane che mu buku. Ndani azaziba?"

Tinayesa. Mutu wa atate ndi nkhokwe, ndinangobwereza pang'ono basi zonse zinalowa. Anaimirira pakati pa balaza, buku lotsegula m'manja, nayamba. Mawu omwe aja, kupuma komwe kuja, kukweza maso pamalo pomwe amakwezera. Amama anaomba m'manja.

Ine ndinaona chinthu chimodzi: akatsitsa maso m'buku, masowo sayenda. Amangoima malo amodzi, ngati munthu woyang'ana m'chitsime.

Anatseka bukulo pang'onopang'ono n'kuliika pa tebulo.

"Paguwa," anatero. "Ndi buku lotsegula."

Sananene kuti inde, sananene kuti ayi. Amama analowa kukhitchini, mapoto n'kuyamba kulira kuposa masiku onse.

Lachiwiri, 1 Okutobala

Clive, mnzanga wa m'kalasi, akukukuta chimanga chootcha pageti la yunivesite: ba K. ndi ba C. onse ataya njira. Kuwerenga ndi kutseguka maso, uone amene wakuponda pakhosi. Munthu wowerenga malamulo a abwana mosadodoma koma osafunsa kanthu, ameneyo sanayambe n'komwe kuwerenga.

Ine: nanga amene akuona zonsezo, koma chilembo A chamuthawa?

Clive anapitiriza kukukuta.

Mulaibulale ndinatsegula mutu wachiwiri wa kafukufuku wanga, uja wofotokoza maganizo a akatswiri. Masamba ambirimbiri, aliyense ali m'khola lake, ndawandandalika bwino. Ndinadzipeza ndikuyang'ana chilembo g. Kamutu, kamchira kopindika. Ukachiyang'anitsitsa chimaleka kulankhula, chimasanduka mbululu. Ndinachita mantha n'kuphethira, chinabwerera. Kwa ine chimabwerera.

Lachitatu, 2 Okutobala

Ba Kangwa anandifunafuna okha mpaka kundipeza mulaibulale. Sanachitepo. Anaima pafupi ndi tebulo langa, akupukuta thukuta pakhosi.

"Nenze kuganiza pali ba tate bako. Nafunsako munzanga wa ku vipatala." Akuti ena odwala chonchi amapeza njira yolambalala. Diso lalephera kufikitsa chilembo, koma dzanja likuchidziwabe, si paja akulemba? Ndiye atsate chilembocho ndi chala, ngati akuchilemba. Dzanja liwauza dzina lake. "Ni pang'ono-pang'ono maningi. Koma yesani." Anachoka msanga ngati wachita cholakwa.

Kunyumba ndinalemba liwu limodzi ndi zilembo zikuluzikulu kumbuyo kwa katoni. Atate anakana kaye. Kenako anaika chala.

Kukwera, kutsika, kukwera, kutsika. Anaima. Anabwerezanso.

"M."

Anatchula ngati munthu amene wamva kugogoda ndipo sakukhulupirira kuti kunja kuli munthu. Chachiwiri chinavuta, anachizungulira kangapo. A. Pofika pa Z anali ataiwala choyamba, tinabwerera. Thukuta linkadontha pakatoni. Amama anaima pakhomo la khitchini ndi mpeni ndi tomato m'manja.

"Ma... dzi. Madzi."

Amama: "Eya! Mwabelenga!"

Atate anakankha katoniyo mpaka inagwa pansi. "Giredi wani," anatero. "Munthu wa imvi." Analowa kuchipinda.

Koma madzulo, ndikuanula zovala, ndinawaona pazenera la khitchini. Ali okha, paketi ya shuga m'manja, chala chikuyenda.

Lachinayi, 3 Okutobala

Ndawauza atate zimene ba Chibesa akufuna. Ndinayembekeza mkwiyo. Anangosisita chibwano.

"Ulembe. Koma usandiike m'botolo ngati chule wa kusukulu. Zimene ndikuona ndilemba ndekha. Iwe udzawerenga, poti ine sindingathe."

Ndiye masana onse akhala akulemba pa tebulo lodyera. Kulemba kwachilendo, kosacheuka. Sangabwerere kukaona chimene anena pamwamba, amangopita kutsogolo ngati munthu wowoloka mtsinje atasenza katundu. Amama akawalankhulitsa, amaitana: "Debora, ndinalekezera pati?" Ine n'kuwerenga mzere womaliza, iwo n'kugwedeza mutu ngati akumva mawu a munthu wina wanzeru ndithu.

Pena alemba kuti:

"Ku positi kunkabwera makalata amene adiresi yake inafufutika ndi mvula. Tinkawaika m'bokosi lawolawo. Anali makalata ndithu, wina analemba, wina akudikira. Sitinkawataya."

Ndinawerenga mokweza mpaka pamenepo, n'kuima.

"Ndalakwitsa?" anafunsa.

"Ayi."

"Ndiye pitiriza."

Lachisanu, 4 Okutobala

Kutentha. Mitambo inasonkhana cha ku Chelstone, kunamiza anthu, n'kubalalika. SHUGA. MCHERE. SOPO. Pa liwu lalitali atate amatopa pakati, ngati wokwera phiri.

Loweruka, 5 Okutobala

M'mawa atate anavala jekete, kutentha konseku. Anandipempha ndiwaperekeze kwa ba Sampa. Tinawapeza akutsuka galimoto.

Atate sanakhale n'komwe pansi. "A Sampa, matenda aja ananditengera kuwerenga. Kulemba ndikulemba, kuona ndikuona, koma buku sindingathe. Mawa awerenga mwana wangayu."

Ba Sampa anasiya paipi ikutayira madzi pansapato zawo. "Iyee, ba Njobvu. Nanga... simungasunge che mu mutu? Imwe muziba vonse."

"Ndasunga kale. N'chifukwa chake ndabwera."

Pobwerera anayenda mopepuka, mpaka anagula nzimbe. Ine ndiye ndinkatsalira m'mbuyo. Sindinaimepo paguwa chibadwire.

Amama atamva anangoti, "Mwauza Sampa, mwauza Kabwata yonse." Kenako anapita kukasita malaya oyera a atate, amene amavala powerenga paguwa.

Lamulungu, 6 Okutobala

Ndawerenga.

Buku la paguwa ndi lalikulu, m'mphepete mwa masamba mwada ndi zala za anthu, zina mwa izo ndi za atate. Maikolofoni inalira. Nditakweza maso tchalitchi chonse chinali ngati chili pansi pa madzi, zitenje zikuyandama, mafani a mapepala akugwedezeka pang'onopang'ono. Mawu anga ankachokera kutali.

Atate anakhala pa benchi yawo ya masiku onse, maso otseka. Milomo sinkayenda. Chinkayenda ndi chala, pabondo. Ankalemba zimene ndinkawerenga, liwu ndi liwu, pa thalauza. Ndikafulumira chala chinkatsalira, ndikapuma chinkandipeza. Sindikudziwa kuti ankawerenga, ankalemba, kapena ankapemphera. Ba K. sakanakhala ndi poika wotchi. Ba C. akanatulutsa kope. Ine ndinangochepetsa liwiro kuti tifike limodzi.

Panja anthu anali atamva kale. Kumbuyo kwanga mayi wina: "Ati sabelenga manje." Mnzake: "Koma baoneka che bwino." Ena anabwera kudzagwira atate dzanja ndi manja awiri, monga pamaliro. Iwo anapatsa moni aliyense, ndi dzina lake, mutu uli chilili.

Panjira atate: "Pakati paja unathamanga."

"Ndinachita mantha."

"Aliyense amachita. Ukafika pa mpumiro, uziwerenga mumtima mpaka ziwiri."

Kunyumba anavula malaya oyera aja n'kugona chafufumimba mpaka dzuwa kupendeka. Chakudya sanadye. Amama anakhala m'mphepete mwa bedi akuwapepesa m'Chibemba, motsitsa, mawu amene ine sindinawamve onse.

Lolemba, 7 Okutobala

Mawa. Ndasintha tsamba loyamba kachitatu. Atate sanakhudze katoni lero, kapena cholembera. Angokhala pazenera.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Chipinda chaching'ono, aphunzitsi atandandalika kuseri kwa tebulo, ba Kangwa kumapeto uku, ba Chibesa kumapeto uko. Ndinafotokoza mutu wanga watsopano: ndikufuna kufunsa anthu amene anali nako kuwerenga n'kukutaya, odwala ngati atate, okalamba amene maso achita khungu, kuti iwo eni akuti chatayika n'chiyani ndipo chatsala n'chiyani. Ndinatchula atate mwachidule, ndi chilolezo chawo.

Mphunzitsi wina wa imvi anafunsa mwachindunji: "Manje ba tate bako, baziba kubelenga olo sibaziba?"

Ndisanatsegule pakamwa ba Chibesa analowerera, funsolo ndilo lolakwika. Ba Kangwa: funso silingalakwe chifukwa choti yankho likuwawa. Basi anayambana, mwaulemu, pamwamba pa mutu wanga, maina a akatswiri akuuluka uku ndi uku. Ndinayang'ana pazenera. Jakaranda wa panja watsala ndi maluwa ochepa, masamba atsopano ayamba. Kamphepo kankanyamula duwa limodzi, kulikweza, kulitsitsa, osaligwetsa. Sindikudziwa kuti ndinapita nalo nthawi yaitali bwanji.

"Deborah?"

Ndinati sindikudziwa. Ndinati eni ake akuti alibe mano, ndipo sindingawatsutse. Koma Lamulungu ndinawaona akuchita chinthu ndi mawu olembedwa chimene sindinachipeze m'buku lililonse mwa amene ndawerenga, ndipo ndikufuna chaka choti ndichifunse.

Andilola kupitiriza. Mutu wachiwiri ndikaulembenso. Potuluka ba C. anandinong'oneza kuti ndichepetse za wotchi. Pamasitepe ba K. anati ndichepetse ndakatulo, kenako: "Nanga chala, chisebenza?"

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, nkhani ili pakamwa. Ndinapeza amama panja pa fulati, chitenje chili m'manja m'malo mwa m'chiuno.

"Batate bako kulibe! Kuchokela m'mawa. Nenze ku maliketi, nabwela napeza chitseko chokhoma. Foni basiya pa tebulo."

Chitulukire m'chipatala sanayendepo okha. Mbali ya kumanja saona bwino, galimoto ikhoza kuwatulukira osaiona. Anansi anayamba kutuluka. Wina akuti anawaona akulowera cha ku Libala, wina akuti ayi, kunjanji. Ndinavula nsapato za pa mayeso n'kuvala patapata. Mutu unadzaza zipatala, polisi, ngalande.

Tisanafike pamsewu, atate awo akutulukira pakona. Pang'onopang'ono, chipewa chapendekera, fumbi mpaka m'mawondo. M'khwapa muli nkhuku yoyera, yamoyo, ikuyang'ana anthu ngati ndiyo mwini mudzi.

"Bashi Debo! Mufuna kunipaya? Mwenze kuti?"

"Kuyenda."

"Nanga iyi nkhuku?"

Anafotokoza ataima pomwepo, anansi atazungulira. Anangotuluka kuti aongole miyendo, n'kulowa timisewu timene sanapitemo kale. Pena anaona geti lakuda lolembedwa ndi choko. Analipitirira. Anabwerera. Anaika chala pa chilembo choyamba, n'kuyamba kutsata. Dzuwa likuwotcha, agalu akuuwa mkati, iwo ali pageti la eni. Pamene ankafika kumapeto, theka la zilembo linali litafufutika ndi chala chawo. Mwini nyumba anatuluka ndi ukali: "Madala, mufuta chani pa geti yanga?"

"Ndiye munati chiyani?" ndinafunsa.

"Ndinati ndipatseni imodzi."

Amama anayang'ana nkhuku, anayang'ana atate. "Nanga anakuuzani ndani kuti bagulisa nkhuku?"

"Palibe." Anaisamutsira m'khwapa linalo. "Palembedwa pageti. Nkhuku zilipo."

Pano ili kubafa, yamangidwa mwendo ku paipi. Akana kuti iphedwe lero. Za mayeso anga sanafunsebe, ndipo ine sindinanene. Akhala pazenera akumwa madzi, chala chikadali choyera ndi choko.